Kuika kagetsi kowerengera pambali pa bedi mu kalavani, mmene ndinachitira ine kuno ku Kasungu

Kalavani yomwe ndimagonamo kumunda nthawi ya fodya ndi Sprite yakalekale ya ku Joni, ndinagula kwa bambo ena ake amene ankatseka esiteti yawo, ndipo kuyambira Febuluwale mpaka fodya atapita ku okushoni ku Chinkhoma nyumba yanga imakhala imeneyo. Amene munawotchapo fodya mu balani mukudziwa kuti usiku sugona tulo teniteni, umangodzukadzuka kukaona moto ndi nkhuni, ndiye pakati pakepo ine ndimawerenga, kaya Baibulo kaya nyuzi yakale, kapena kulemba mu kope kuti waganyu uje wagwira masiku angati. Vuto linali getsi. La kudenga lija ndi limodzi lokha ndipo lili pakati, ukayatsa limawalitsa kalavani yonse, mayi akunyumba akabwera kudzagona kuno amadandaula kuti likuwathobwa m'maso, chonsecho buku lako lili mu mthunzi wa mutu wako womwe. Tochi ya pafoni nayo imadya batire ya foni komanso mkono umatopa.

Ndiye ndinaika kagetsi kakang'ono ka 12V pambali pa bedi. Ntchito yake ndi ya theka la tsiku basi koma pali malo awiri atatu pomwe ukaphonya umaononga khoma kapena kuotcha kalavani yonse, ndiye ndifotokoza mwadongosolo momwe ndingathere. Zomwezi zigwiranso kwa amene muli ndi minibasi kapena thiraki yogonamo, ngakhale nyumba ya sola ya 12V.

Choyamba sankhani getsi loyenera

Gulani LED, osati babu ya galimoto ya 21W ija yomwe ambiri timangoimangirira pa waya. Taonani masamu ake, mawatsi kugawa ndi mavoti ndiye ma ampu. LED ya 3W pa 12V imakoka 0.25A, mukawerenga maola atatu mwadya 0.75Ah basi (Ah ndi ma ampu kuchulukitsa ndi maola, muyeso wa moto wa mu batire). Babu ya 21W imakoka 1.75A, maola atatu omwewo yadya 5.25Ah, kuchulukitsa kasanu ndi kawiri. Pa batire ya 100Ah muzikumbukira kuti ya asidi wamba ija simuyenera kuitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye zanu zenizeni ndi 50Ah, ndipo nthawi ya mvula sola imachaja mwaulesi, mitambo sabata yathunthu. Komanso babu imatentha zedi. Neti ya udzudzu ikangokhudza imasungunuka, ine neti ndimagonamo tsiku lililonse chifukwa malungo kuno si nkhani yocheza, ndiye chinthu chotentha pafupi ndi neti ndi pilo sindimachifuna ngakhale pang'ono.

Pa katoni yang'anani zinthu zitatu. Pakhale polembedwa kuti imalandira 10V mpaka 30V, kapena osachepera mpaka 15V, chifukwa batire ikamachajidwa mavoti amakwera kufika 14.4V, ndiye ma LED otchipa a 12V yeniyeni aja amatentha nkufa msanga. Chachiwiri mtundu wa kuwala, tengani ya 2700K kapena 3000K, yowala mwachikasu pang'ono. Ya 6000K yoyera mbee ngati ya m'chipatala ija imalasa m'maso usiku, tulo timathawa, ndiponso tizilombo touluka timaikonda kuposa yachikasu, nthawi ya ngumbi mudzazionera nokha. Chachitatu ikhale ndi khosi lopindika kapena mutu wotembenuka komanso swichi yake pomwepo, kuti musavutike ndi kuika swichi yapadera. Zina zimabwera ndi pobayira USB yochajira foni, ndi zabwino ndithu, kungoti zina mwa izo zimaba moto pang'onopang'ono ngakhale getsi lili lozima, ndiye ngati kalavani imakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito muzizula fyuzi yake.

Mitengo sinditchula, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mawa. Zambiri mwa izi mupeza m'mashopu a masipeya a galimoto ndi a zasola pa Kasungu boma, getsi la khosi lopindika lokhalo ndi lomwe mwina mungalitume ku Lilongwe.

Zina zofunika ndi waya wa timinyewa tambirimbiri wa 1.0 kapena 1.5mm², uja wa pa galimoto, wofiira ndi wakuda. Waya wa m'nyumba wa chitsulo chimodzi cholimba uja ayi, kalavani ikamakokedwa m'misewu yathu ya fumbi yamabampu imagwedezeka ndipo waya wotero amathyokera mkati mwa pulasitiki osaoneka, mudzasaka vuto tsiku lonse. Mufunikanso fyuzi ya 3A ndi kachotengera kake kolumikiza pa waya, makonekita, tepi ya magetsi, masikuluu afupiafupi, kathabwa kakang'ono, sikuludiraiva, pulayazi, chobowolera, ndi maltimita, kachida koyezera magetsi. Maltimita ngati mulibe bwerekani kwa amakaniko a magetsi a galimoto, osayamba ntchitoyi popanda iyo.

Chachiwiri pezani malo, muli chigonere pa bedi

Izi anthu amazidumpha koma ndiye pagona nkhani. Dikirani kude, khalani pa bedi mmene mumakhalira powerenga, mutatsamira pilo, neti mutaitsitsa. Wina akugwirireni tochi pakhoma nkumaisuntha mpaka kuwala kugwere pa buku kuchokera chakumbali kumbuyo kwa phewa, osati kutsogolo kwa nkhope. Ngati mumalemba ndi dzanja lamanja ndi bwino kuwala kuchokere kumanzere kuti dzanja lisamatchinge zomwe mukulemba, koma mu kalavani khoma ndi lomwe limalamula, nthawi zina mungolandira mbali yomwe ilipo. Kwa ine malo anapezeka pafupifupi masentimita 65 pamwamba pa matiresi. Kenako gonani chagada, tembenukani, dzukani mofulumira ngati mwamva galu akuuwa kubalani, muone ngati mutu sugunda pamalopo. Yesaninso ngati dzanja likufika pa swichi musanadzuke. Ndipo amene mumagona naye agone mbali yake anene ngati kukumufika m'maso. Mukagwirizana chongani ndi pensulo.

Za neti, ine ndinasankha kuti getsi likhale mkati mwa neti, ndinangosokerera kachibowo ndi nsalu pomwe khosi limalowera. Likakhala kunja neti imamwaza kuwala ndipo pozimitsa umatukula neti udzudzu nkulowa.

Chachitatu dziwani zomwe zili kuseri kwa khoma

Apa ndipamene ndinalakwitsa ulendo woyamba ndipo mpaka lero zimandiwawa. Khoma la kalavani si la nyumba. Mkati ndi pulayiwudi yopyapyala ya mamilimita atatu kapena anayi, kenako timitengo ta felemu ndi zotchingira kutentha, kenako lata la aluminiyamu la kunja, zonse pamodzi kukhuthala kwake sikuposa zala ziwiri. Ine ndinatenga sikuluu yaitali yomwe inali pafupi, inatulukira kunja kansonga kokha, sindinaone. Mvula ya Malichi inalowera pomwepo pang'onopang'ono, pofika Juni pulayiwudi inali itafufuma ndi kuda, ndinachita kudula chigamba chonse nkuikapo china. Ndiye chonde yezani kukhuthala kwa khoma pa windo kapena pa chitseko pomwe m'mphepete mumaoneka, ndipo pa kachitsulo kobowolera kulungani tepi pa mamilimita asanu kuti musapitirire.

Gogodani khoma ndi chala. Pomwe pakumveka phwaphwa ndi pa mphako, pomwe pakumveka molimba pali mtengo wa felemu, ndipo sikuluu imagwira bwino pamenepo. Ngati malo munachonga aja agwera pa mphako musadandaule, kathabwa kaja ndi ntchito yake imeneyi, tifikako. Onaninso komwe mawaya akale ndi paipi ya gasi zikudutsa, tsegulani makabati apamwamba ndi bokosi la pansi pa bedi muunike ndi tochi. Paipi ya gasi nthawi zambiri imakhala ya kopa. Musabowole mzere umodzi ndi soketi kapena swichi ina iliyonse, mmwamba kapena mmunsi mwake, chifukwa waya amakonda kuyenda mowongoka choncho.

Njira yosavuta kuposa zonse, ngati pamwamba pa bedi pali kabati, mangirirani getsi kunsi kwa kabatiyo kapena m'mbali mwake. Thabwa lake mukuliona mbali zonse ziwiri, waya abisala mkati mwa kabati, khoma simulikhudza nkomwe.

Chachinayi moto muutenga kuti

Kalavani zambiri zili ndi magetsi a mitundu iwiri, 12V ya batire, ndi ya 230V yomwe imagwira mukabaya ku ESCOM kapena ku jenereta kapena inveta. Ya 230V imapha, ndipo getsi lanu la 12V lingaphulike mukalilumikiza kumeneko. Musanagwire waya aliyense zulani chingwe cha kunja, zimitsani inveta ndi jenereta. Masoketi a mapini atatu aja ndi mawaya ake asiyeni, si anu lero.

Pa 12V pali njira zitatu. Yabwino kwambiri ndi kukoka waya watsopano kuchokera pa bokosi la mafyuzi ngati pali malo opanda ntchito. Yachiwiri ndi kutenga pa getsi lina la 12V lomwe lili pafupi, koma mutenge moto usanalowe mu swichi yake, apo ayi kagetsi kanu kazidzayaka pokhapokha lalikulu lija litayaka, ndiye phindu lake palibe. Yachitatu ndi kuchokera ku batire mwachindunji kapena pa kontirola ya sola, kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire, pa timabowo tiwiri tomwe pali chithunzi cha babu. Ine ndinatenga pa kontirola chifukwa batire yanga ili pansi pa bedi pomwepo, waya wake ndi mamita awiri okha, komanso kontirola imadula yokha moto batire ikatsika kwambiri.

Mitundu ya mawaya akale musaikhulupirire. Ife tinazolowera kuti wofiira ndi pozitivi wakuda ndi negetivi, koma m'makalavani ambiri woyera ndiye negetivi, ndipo m'za ku America wakuda amakhala pozitivi. Onjezani apo kuti kalavani yakale yadutsa m'manja mwa anthu angati, aliyense analumikiza waya amene anali naye tsiku limenelo. Ikani maltimita pa DC 20V, gusitsani timisonga take pa mawaya awiriwo, ikaonetsa 12 ndi kadontho ndiye kuti komwe kuli kansonga kofiira ndi pozitivi, ikaonetsa nambala yomweyo koma kutsogolo kuli kamzere ka mainasi mwatembenuza. Matani katepi pa pozitiviyo musaiwale. Pomwepo muonenso thanzi la batire, yodzadza ikapuma imaonetsa 12.6 kapena 12.7, ikafika cha m'ma 12.2 ili pa theka.

Mukadziwa zonsezi chotsani moto. Ngati muli ndi sola yambani kuchotsa mawaya a panelo pa kontirola, kenako ndiye batire, chifukwa makontirola ena amapsa akatsala ndi panelo yokha popanda batire. Pa batire masulani negetivi poyamba. Mphete ndi wotchi vulani, sipanala ikagunda mitu yonse iwiri ya batire imathetheka moto woti nkusungunula chitsulo.

Chachisanu fyuzi, ndipo apa ndilankhula motalika pang'ono

Anthu amati 12V siigwira munthu ndiye palibe choopsa. Zoona siikugwirani, koma batire ya 100Ah ikachita shoti imatulutsa ma ampu mazanamazana nthawi imodzi, waya woonda amafiira ngati waya wa mbaula m'masekondi ochepa, ndipo wayayo akudutsa pansi pa matiresi a siponji, mu bokosi la pulayiwudi youma, inu muli mtulo mkati mwa neti, chitseko chili chimodzi. Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, iphulike iyo waya asanatenthe. Nchifukwa chake imaikidwa pa waya wa pozitivi pafupi kwambiri ndi komwe moto ukuchokera, pasapitirire chikhatho chimodzi kuchokera pa batire kapena pa kontirola. Mukaiika pafupi ndi getsi ndiye kuti waya yense wa kumbuyo kwake alibe chitetezo, khoswe akamutafuna pakati fyuzi siidziwa kanthu.

Kukula kwake 3A ndi yokwanira, getsi likukoka kota ya ampu imodzi yokha. Ngati lili ndi USB yochajira foni 3A ikwanabe, mukafuna 5A palibe vuto pa waya wa 1.5mm². Mafyuzi a galimoto a mano awiri aja amadziwika ndi mtundu, ya 3A ndi yapepo, ya 5A ndi yakhaki, yofiira ndi 10A, yabuluu ndi 15A. Wogulitsa akakuuzani kuti tengani yofiira ndi chimodzimodzi, kanani mwaulemu mukafune kwina. Ndipo ikadzaphulika musadzaikepo waya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya ndudu monga timaonera m'maminibasi, fufuzani chomwe chaiphulitsa. Gulani ziwiri zapadera muzimate ndi tepi mkati mwa bokosi la batire. Pakali pano fyuziyo musailowetse kaye, ilowa pomaliza.

Chachisanu ndi chimodzi yendetsani waya

Yezani njira ndi chingwe kaye, kenako dulani waya motalikirapo ndi theka la mita. Mawaya onse awiri ayende limodzi mpaka komwe mwatenga moto, musadalire bodi ngati negetivi monga pa galimoto chifukwa kalavani mkati mwake ndi matabwa. Dutsitsani m'makona a bokosi la bedi ndi m'makabati, pomwe akuonekera ikani mu kathiranking'i kapulasitiki komata, ndipo muzimugwiritsa ndi tiklipi pa masentimita 30 aliwonse kuti asamalendewere nkumakhuzika. Akamadutsa pa bowo la chitsulo muvekeni kachidutswa ka paipi ya labala, ngakhale ka paipi ya petulo ya njinga yamoto kamagwira. Asapanidwe ndi chivindikiro cha bedi, asayandikire chitofu, ndipo asamangiriridwe pa paipi ya gasi. Kwa ife okhala kumunda pafupi ndi nkhokwe makoswe ndi ambiri, ine pansi pa bedi ndinalowetsa waya yense mu kondyuti, paipi yodutsitsamo mawaya a magetsi.

Chachisanu ndi chiwiri mangani getsi ndi kulumikiza

Dulani kathabwa kokhuthala mamilimita 10 kapena 12, kokulirapo pang'ono kuposa tsinde la getsi, kapaleni ndi sandipepa, bowolani pakati podutsa waya. Kamateni pakhoma ndi guluu wa matabwa nkuwonjezera masikuluu awiri, ngati mbali imodzi yafika pa felemu ndiye bwino kwambiri. Werengerani utali wa sikuluu, kathabwa kuphatikiza pulayiwudi kuphatikiza pang'ono chabe, osati yofika ku lata. Kenako getsi limangidwa pa kathabwako ndi masikuluu a mamilimita 10 kapena 12. Chifukwa chake nchakuti khosi lopindika lija mumalikoka tsiku ndi tsiku, pa pulayiwudi yokha masikuluu amakhwepa pakangopita milungu ingapo. Mangani ndi dzanja, makina amapyoza.

Polumikiza sendani waya pang'ono ngati sentimita imodzi osadula timinyewa, potokolani, lowetsani mu konekita nkumanga zolimba, kenako kokani waya aliyense muone ngati sakusololoka. Amene muli ndi chowotcherera mtovu wotcherani nkuveka kachubu kofota ndi kutentha. Chomwe sindivomereza ndi kungopota mawaya awiri nkukulunga ndi jumbo kapena tepi yokha, kutentha kwa mwezi wa Okutobala tepi imamatuka yokha mawaya nkutsala pamtunda. Pozitivi ku pozitivi, LED imasankha mbali. Siyani waya wotsalira pang'ono kuseri kuti tsiku losintha getsi mudzakhale ndi pogwira.

Pomaliza bwezerani moto ndi kuyesa

Musanabwezere, ikani maltimita pamalo pomwe imalira timisonga take tikagundana muyeze pakati pa waya wofiira ndi wakuda swichi ili yozima, isalire. Ikalira pali shoti penapake, bwererani mukaone. Ngati zili bwino mangani batire, pozitivi kaye negetivi pambuyo, kenako panelo pa kontirola, kenako lowetsani fyuzi. Yatsani.

Likapanda kuyaka, kawirikawiri ndi mawaya otembenuza, zulani fyuzi musinthanitse pa getsi. Likamaphethira pali polumikiza pokhwepa, gwedezani konekita iliyonse mupeza. Likamawala mofooka yezani mavoti pa getsi pomwepo muyerekeze ndi pa batire, akasiyana kupitirira theka la voti ndiye kuti waya ndi woonda kapena wautali kwambiri kapena pena sipanagwire bwino. Fyuzi ikaphulika nthawi yomweyo, mwina sikuluu yaboola waya kuseri kwa kathabwa, masulani muone. Ma LED ena otchipa amasokoneza wailesi ya FM, ukayatsa imayamba kulira phokoso, zikatero sunthani wailesi kapena kabwezeni getsilo mutenge mtundu wina.

Lisiyeni liyake kwa theka la ola muli maso, kenako gwirani waya, fyuzi ndi makonekita onse, pasakhale pofunda. Mutu wa getsi kufunda pang'ono ndi mmene zimakhalira, koma uzitha kuugwira osachotsa dzanja. Lembani pa katepi kuti getsi la kubedi 3A mumate pa chotengera fyuzi, mwana kapena mlonda akadzafuna kuzula adziwe kuti ndi iti. Ndipo tsiku lomwe mudzakoke kalavani kupita nayo kwina, mukafika tsegulani bokosi la pansi pa bedi mumangenso timasikuluu ta makonekita, msewu umatimasula.